Nkhono Zitatu za Ma Nyepu

Aliyense amene anadikirapo galimoto pa siteji ya ku Gbarnga akumudziwa Garmai. Ndi mayi wamtali uja, wa mpango wofiira, wogulitsa mpunga ndi chigwada cha mafuta ofiira pansi pa malata atatu, moyang'anizana ndi pomwe amaima a njinga zamoto. Munthu ameneyu sapusitsika. Ukamuuza kuti nyama yachepa m'mbale, amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kukufunsa ngati kwanu munaphako mbuzi chaka chino. Pakamwa pake m'pakuthwa, ngakhale kutchalitchi akudziwa.

Koma pali tsiku limodzi pachaka limene mayi wochenjerayu amasanduka chitsiru cha tauni yonse. Ndi tsiku la ufulu wa dziko lathu la Liberia, pa 26 Julaye. Tsiku limenelo aliyense amadzuka ndi mawu amodzi kukamwa: "Twente-sikisi yanga ili pa iwe!" Woyamba kunena ndiye wapambana, ndipo mnzakeyo amupatse kanthu basi, kaya ndi switi, kaya ndi sopo, kaya ndi mbale ya mpunga. Anthu akuluakulu ndi ndevu zawo amabisalirana kuseri kwa zitseko. Koma Garmai sayamba munthu. Amangoima pambali pa mapoto ake, milomo atatseka, kudikira kugwidwa.

"Ma Garmai! Twente-sikisi yanga ili pa inu!" amakuwa choncho a njinga zamoto aja.

"Wandigwira, chimbalangondo iwe. Bwera ndi mbale yako."

"Koma Ma, chaka ndi chaka? Ndaima pano nthawi yonseyi mukundiona, bwanji osandiyamba?"

"Idya uzipita. Mafunso amatsamwitsa."

Ena amati n'kuwolowa manja. Ena amati ukalamba wayamba kumulowa m'mutu. Si zimenezo ayi. Nkhani yake ndi iyi, ndipo mwiniwake anati izikambidwa, mwina ingapulumutse wina.

Garmai anabadwira kumudzi, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi kuchokera ku Gbarnga. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Anamulera ndi mayi ake okha, Ma Nyepu, mzimayi wamfupi wa miyendo yamatewe, wokonda fodya wamphuno ndi mkangano. Nkhondo yapachiweniweni itafika, Garmai anali atangochira kumene mwana wake woyamba, Nowai, ndipo mwamuna wake Kerkula anali atasochera kwina ndi gulu lina la othawa. Anakhala m'tchire miyezi isanu, atatu okha. Mkaka ukanauma, mwana uja akanapita. Koma m'mawa uliwonse Ma Nyepu ankalowa m'dambo, kufukula masamba owola, n'kubwerako ndi nkhono zikuluzikulu atazimanga pa nsonga ya chitenje. Ankaziwotcha ndi tsabola n'kumupatsa Garmai zonse.

"Inu simudya, Ma?"

"Ndadyera komweko. Ukuona ngati ndingabwere nazo kuno ndili ndi njala? Ndine wopusa ine?"

Linali bodza. Garmai ankadziwa kuti ndi bodza, koma ankadya.

Mulungu ndi wabwino, nkhondo inatha, Kerkula anapezeka wamoyo. Anayamba kukhoma mipando ndi zitseko ku Gbarnga, Garmai n'kuyamba kaphikidwe kake ka pa siteji. Anamanga nyumba ya zipinda zitatu kumunsi kwa makina ochekera matabwa, kufupi ndi dambo, ndipo chipinda chakumbuyo chinali cha Ma Nyepu. Ana ena atatu anabadwira momwemo.

Ma Nyepu tauni anailola, koma chilankhulo chake anachikana. Ankangoyankhula Chikpele chawo chakumudzi. Ukawayankhula Chingerezi ankakufunsa ngati mayi ako anakubereka wopanda lilime lakwanu. Zaka zonsezo anaphunzira chiganizo chimodzi chokha, ndipo ankachitchula mwawomwawo: "Tweni-sisi yanga pa iwe!" Pamenepo ndiye panalibe wowaposa. Ankabisala m'bafa, kuseri kwa mgolo wa madzi, ngakhale pansi pa tebulo la Kerkula lopalira matabwa. Chaka china anawagwira abusa ali mkati mwa pemphero, asananene ameni, ndipo abusa anasiya mpango wawo wopukutira thukuta pomwepo.

M'nyumba mwa Garmai tsiku la ufulu linali ndi dongosolo lake. Mwezi wa Juni ukamatha ankagula nsalu imodzi yaitali, ya banja lonse, yokhala ndi kufiira, kuyera ndi mtundu wa mtambo ngati mbendera. Telala ankasoka malaya a abambo, madiresi a amayi ndi atsikana, onse ofanana. Kerkula ankakhoma mbendera ya nyenyezi imodzi pakhonde. Ankapha nkhuku ziwiri, kuphika mpunga wa jolofu, kenaka onse n'kupita kubwalo kukaonerera ana asukulu akuguba. Pomaliza ankalowa kwa wojambula zithunzi, Ma Nyepu pakati atagwira kambendera, nkhope itakwinyika ngati wina wawabera. Zithunzizo zinkapachikidwa pakhoma la pabalaza, chaka chilichonse msomali wake.

Diresi la Ma Nyepu silinkaperekedwa wamba. Garmai ankalibisa mpaka m'mawa wa tsikulo. Akatuluka kuti akatunge madzi, mayi ake ankamuvumbulukira.

"Tweni-sisi yanga pa iwe!"

"Eee, Ma, mwandigwiranso! Ine ndilibe kanthu chaka chino."

"Bodza! Tulutsa!"

Ndiye Garmai ankatulutsa diresi lija, nyumba yonse n'kuwomba m'manja. Anali masewera awo, a anthu awiri.

Kenaka Ma Nyepu anagwa ndi matenda aja ofoola mbali imodzi. Mkono wamanzere unafa, mwendo unayamba kukoka, pakamwa panakhotera kumodzi ndipo malovu ankangotsika okha. Mawu ambiri anapita. Ankangoloza ndi chala n'kubuula. Koma Julaye atakwana, m'mawa uja anthu anamva ndodo ikugogoda simenti, go, go, go, ndipo Ma Nyepu anaima pakhomo la chipinda cha mwana wawo.

"Sisi... pa iwe."

Garmai analira. Kerkula anaseka mpaka kukhala pansi.

"Adokotala anati mawu onse anapita," anatero, "koma opemphera zinthu okha ndiye akana kusamuka!"

Zinayenda choncho zaka zitatu. Chaka chachinayi ndi chimene Garmai samachitchula popanda kupukuta m'maso.

Nowai, mwana wam'tchire uja, anali atakula n'kukhala namwino, ndipo anapeza mnyamata wa ku Monrovia. Mayi a mnyamatayo anali Madamu Ophelia, mphunzitsi wopuma ntchito. Garmai anakawaona kamodzi mu Meyi. Anakhala pa mpando wofewa womira nawo, anapatsidwa foloko ndi mpeni, ndipo nyama inamuthawa m'mbale n'kugwera pansi. Madamu ankayankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno. Tinene zoona pamaso pa Mulungu, palibe amene anamunyoza kumeneko. Manyazi anachita kunyamula yekha kuchokera kwawo. Koma atamva kuti Madamu ndi mwana wawo adzabwera ku Gbarnga kudzadya nawo twente-sikisi, mtima wake unathamangira kuchipinda chakumbuyo. Anaona malovu aja. Anaona fodya wakuda m'mphuno, ndi chala chija choloza alendo. Anaona Madamu akuyang'ana kumbali, ndipo anaona ukwati wa mwana wake ukusungunuka ngati mchere pamvula.

Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambi umenewo Garmai ankaudziwa bwino, ankalangiza nawo ana a eni kutchalitchi.

Anagula nsalu ya anthu asanu ndi mmodzi, osati asanu ndi awiri.

"Muyeso wa agogo ndili nawo kale," anatero telala akufunyulula nsaluyo. "Ndi womwe uja?"

"Chaka chino asiyeni. Mwendo ukuwavuta."

"Diresi amavala kumwendo?"

"Iwe soka zomwe ndakupatsa. Ndinabwera kwa telala kapena kwa woweruza milandu?"

Kwa Kerkula ndi ana ananena kuti agogo akana okha, akuti chaka chino akufuna kupuma. Ndani akanatsutsa? Munthu wosayankhula amanamiziridwa mosavuta. Anakonza zoti alendo adzakumane nawo kubwalo, adzadyere pa siteji pomwe anali atayalapo nsalu zoyera, ajambulitse, kenaka abwerere ku Monrovia osaponda kunyumba. Sabata yonseyo pemphero linkamuima pakhosi ngati munga wa nsomba. Akati "Atate wathu," ankangomva ndodo ija, go, go, go.

Chinatsala n'chimodzi. M'mawa wa tsikulo mayi ake adzamugwira monga mwa nthawi zonse, ana onse akuona, ndipo adzatambasula dzanja kudikira diresi. Adzawapatsa chiyani? Apa m'pamene Satana anamupatsa nzeru, ndipo iye anaiona ngati nzeru yabwino. Woyamba kunena ndiye wapambana. Akawayamba iye, iwo sadzakhala ndi chopempha.

Kunja kutangoyera, ana asanadzuke, Garmai anayenda chopanda nsapato mpaka kuchipinda chakumbuyo. Anakankha chitseko pang'onopang'ono. Ma Nyepu anali atadzuka kale. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, mpango uli kumutu, dzanja lamoyo lija likufufuza ndodo. Milomo yawo inkagwedera. Ankayeserera mawu awo aja chamumtima, kuwakonza kuti atuluke bwino.

"Twente-sikisi yanga ili pa inu, Ma!"

Anawanena mwamsanga, akuseka, ngati nthabwala.

Ma Nyepu anatsala kukamwa kuli yasa. Anamuyang'ana mwana wawo kumaso, kenaka anayang'ana m'manja mwake. Munalibe kanthu. Anayang'ananso kuseri kwake, mwina diresi walibisa kumbuyo. Kunalibe. Ndiye anayang'ana m'chipinda mwawo, uku ndi uku: bedi, ndowa, kachitini ka fodya kopanda kanthu, chitenje chakale pa chingwe. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu wovomera mlandu.

"Ndi masewera chabe, Ma," anatero Garmai. "Lero mupume. Kuli mvula, kubwalo kuli matope. Ndikusiyirani mpunga ndi ntchafu ya nkhuku."

Garmai anatseka chitseko. Anachokapo ngati waba, akudziuza kuti zatheka, mawa adzawagulira nsalu ina yabwino kuposa iyi.

Kubwalo kunali anthu osaneneka. Ng'oma za asukulu zinkalira, malipenga akulira, atsikana a masiketi opindapinda akuguba manja akuponya kumwamba. Mvula ya Julaye inkangowaza, kuleka, kuwazanso, koma palibe amene ankasamala. Ana anali atapaka nyenyezi yoyera pamasaya. Banja la Kerkula linaima pamodzi mu nsalu yawo yatsopano, ndipo anthu ankati, "Koma ndiye mwatchena!" Garmai ankamwetulira ndi mano okha. Malo a pakati, pomwe pankakhala kampando ka mayi ake, ankangowalambalala ndi maso.

Dzuwa lili pamutu alendo anafika pa galimoto ya mnyamata uja. Madamu Ophelia anatsika ndi chipewa chachikulu ndi ambulera. Anapatsana moni, anayamikira nsalu, kenaka anayamba kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu woopa galu.

"Nanga mayi aja ondibisalira ali kuti? Nowai wandichenjeza kuti ndiziyenda ndi maso anayi, akuti anagwirapo abusa ali m'pemphero. Ine ndabwera nditakonzeka, sandipeza chimanjamanja."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa kachitini katsopano ka fodya wamphuno.

"Ndachita kukafuna kumsika wakumadoko. Mayi anga anali a kumudzi, ku Lofa, ankanunkhiza womwewu mpaka tsiku lowaika m'manda. Ndikangomva fungo lake ndimawaona."



"Agogo akana okha, Madamu," anayankha Kerkula mwaulemu. "Akuti chaka chino akufuna kupuma."

Bodza lako ukalimva likutuluka m'kamwa mwa munthu wosalakwa limanunkha kawiri. Garmai anayang'ana pansi.

"Akana?" anatero Madamu. "Ndiye ife tipita komweko. Chithunzi chopanda mwini mbumba ndi chithunzi chanji? Tiyeni, galimoto ilipo."

Panalibe pothawira. Anapanikizana m'galimoto, ana ena n'kukwera njinga zamoto. Njira yonse Garmai ankapemphera pemphero lopusa, loti akawapeze atagona, Madamu angosuzumira n'kubwerera.

Anapeza chitseko chakumbuyo chili pululu. Mbale ya mpunga inali pomwe anaisiya, yovundikira, ntchafu ya nkhuku osakhudzidwa. Ndodo panalibe. Chitenje chakale chija pa chingwe panalibe.

"Agogo! Agogo!" Nowai anazungulira nyumba, kubafa, kuchimbudzi. Anthu oyandikana nawo onse anali kubwalo, makomo otseka. Mvula inali itayamba yeniyeni tsopano, ija yogwa ngati akukhuthula ndowa.

"Asintha maganizo, atilondola kubwalo," anatero Kerkula. "Tasemphana nawo panjira. Tiyeni tibwerere."

"Sanapite kubwalo," anatero Garmai.

"Wadziwa bwanji?"

Anaima pakhonde, pansi pa mbendera yonyowa, mwamuna wake uku, mwana wake uku, Madamu ndi kachitini kawo m'manja. Akanatha kukhala chete. Akanatha kuwasiya anthu akathamange kubwalo, bodza lake n'kukhalabe lamoyo. Koma mayi ake anali kunja ndi mwendo umodzi, ndipo amene ankadziwa kolowera anali iye yekha.

"Sanakane. Ndine sindinawasokere diresi. Ndinachita nawo manyazi."

Mvula inkangogunda pamalata.

"Ndipo m'mawa uno ndawayamba ine."

"Wawayamba chiyani?" anafunsa Kerkula.

"Twente-sikisi."

Kerkula ndi munthu wofatsa, zaka zonsezi sanamukwezerepo mawu. Tsiku limenelo anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi.

"Iwe Garmai! Kumuuza mawu amenewo munthu amene alibe ngakhale sopo wakewake? Mayi ako ukuwadziwa iwe. Anayamba agwidwapo n'kungokhala osapereka?"

"N'chifukwa chake ndikuti sanapite kubwalo. Apita kukandifunira."

Sanadikire yankho. Anavula nsapato zake zazitali n'kuthamangira kumunsi, kudutsa mulu wa utuchi, kulowa kanjira ka kudambo. Diresi latsopano linkakodwa m'minga, iye osamva. M'matope munali timabowo ta ndodo, ndi mzere wautali wa phazi lokoka. Anautsatira mzerewo akulira mokweza ngati mwana. "Ambuye Yesu, ndilangeni ine, iwo asiyeni. Ndilangeni ine." Pena mzerewo unkasowa m'madzi, n'kuonekanso kutsogolo. Pena pankaoneka pomwe munthu anagwa n'kudzukanso. Anawerenga malo otero anayi.

Anawapeza patsinde pa mgwalangwa, atakhala m'matope ofika m'chiuno, msana atatsamira mtengo. Ndodo inali itagwera patali. Mpango unali utachoka, imvi zitamatirira kumutu. Thupi lonse linkanjenjemera, milomo itachita kuda. Koma dzanja lamoyo lija linali litafumbata nsonga ya chitenje pachifuwa, zolimba.

"Ma! Ma, ndine! Mwatani kuno, Ma?"

Ma Nyepu anatsegula maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kulimbana ndi mfundo ija ndi mano, popeza dzanja linali limodzi. Itamasuka anatambasula chitenjecho. Munali nkhono zitatu. Ziwiri zazikulu, imodzi yaing'ono.

"Sisi... yako."

Garmai anagwada m'matopemo. Anafuna kunena kuti pepani, koma mawuwo anali aang'ono kwambiri, sanatuluke. Anang'amba chitenje chake chatsopano cha m'chiuno, cha nsalu ya banja ija, n'kuwafunditsa. Anawabereka kumsana. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa zonse, chifukwa sankadziwa kuti mayi ake anatha chonchi. Nkhono zija Ma Nyepu anakana kuzisiya. Anazigwirabe mpaka Garmai atazilandira ndi manja awiri, monga mmene mphatso imalandiridwira.

Anakumana ndi enawo pa mulu wa utuchi. Kerkula anafuna kuwalandira, Garmai anakana. Nowai sanamuyang'ane mayi ake kumaso, anangogwira dzanja la agogo ake kumva mtima. Madamu Ophelia anali atataya chipewa penapake, nsapato zili matope okhaokha. Anangotsegula ambulera yawo pamwamba pa gogoyo n'kumayenda pambali, iwo mvula ikuwathera pathupi.

Chaka chimenecho sanajambulitse. Ma Nyepu anagonekedwa m'chipatala milungu itatu ndi chibayo, Garmai akugona pansi pambali pa bedi lawo. Nkhono zija anaziwotcha tsiku lotsatira, ndi tsabola, n'kuzidya yekha kuseri kwa nyumba. Kwa zaka zambiri ankauza anthu a m'tauni kuti iye zokwawa sadya. Anadya zonse zitatu, misozi ikugwera momwemo.

Mulungu anamva pemphero lija, koma analimva mwa njira yake. Ma Nyepu anachira, anabwerera kuchipinda chawo. Ukwati wa Nowai unachitika mu Disembala, ndipo gogoyo anakhala kutsogolo penipeni, pambali pa Madamu, akununkhiza fodya wa m'kachitini kaja. Palibe amene anayang'ana kumbali. Garmai anapepesa kwa mwamuna wake, kwa ana ake, ndi kwa amayi a chigwirizano kutchalitchi, ataima pamaso pa onse. Kwa mayi ake anapepesa kambirimbiri, atagwada, m'Chikpele. Iwo ankangomusisita kumutu ndi dzanja limodzi lija. Iye anaganiza kuti nkhani yatha.

Julaye wotsatira anagula nsalu yokwana onse, ndipo diresi la mayi ake analisoketsa loyamba, la mikono ya maluwa. M'mawa wa tsikulo analibisa kumsana n'kuyamba kudutsa pakhomo la chipinda chakumbuyo. Chitseko chinali chotsegula. Ma Nyepu anali atakhala pabedi, ali maso. Garmai anadutsa ndi ndowa. Zii. Anabwereranso akutsokomola dala. Zii. Anadutsa kachitatu akuimba nyimbo ya fuko, ana ataima pabalaza kudikira kuwomba m'manja.

"Ma," anatero pomaliza, ataima pakhomo, "lero ndi tsiku lanji kodi? Ine ndaiwala."

Ma Nyepu anamuyang'ana. Maso awo anali oyera bwino, osasokonezeka. Milomo inagwedera pang'ono, kenaka inatsekeka.

"Ndigwireni, Ma. Chonde. Ndili pano, sindinena kanthu."

Sananene. Garmai anawaveka diresi lija chomwecho, popanda mawu, popanda m'manja. Nowai amati ndi matenda, akuti chibayo chija chinamaliza timawu tomwe tinatsala. Kerkula amatinso chimodzimodzi. Garmai amavomera ndi mutu, koma mumtima sadziwa. Mwina mawuwo anapitadi. Mwina gogoyo anaopa kuti akapempha apezanso manja opanda kanthu. Yankho lake anapita nalo, chifukwa mvula ya chaka chinacho isanayambe, Ambuye anawatenga ali m'tulo.

Pakhoma la pabalaza pa Garmai zithunzi zilipo mzere, chaka ndi chaka. Pakati pake pali msomali umodzi wopanda chithunzi. Kerkula anafuna kuuzula, iye anati ausiye.

Mpaka lero Juni akamatha amagula nsalu yopitirira, ndipo telala uja safunsanso, amangotsegula buku lake pa muyeso wakale, wa munthu wamfupi. Diresilo Garmai amalipinda bwino n'kuliika pansi pa tebulo la pa siteji, pambali pa mbale. A njinga zamoto akamugwira amawapatsa mpunga. Ana akamugwira amawapatsa switi. Koma maso ake amakhala ali kumsewu, kufuna gogo aliyense wochokera kumudzi, wa ndodo, wosadziwa Chingerezi.

Chaka chathachi inali nkhalamba ina yogulitsa tsabola, yongotsika kumene m'galimoto ndi dengu lake. Inaima patsogolo pa mapoto n'kumangoyang'ana mpunga. Garmai anaidikira. Nkhalambayo osanena kanthu.

"Ma," anatero Garmai m'Chikpele, "kodi lero simukudziwa kuti ndi tsiku lanji?"

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma mawu awo aja a m'tauni amandikanika."

"Yesani chomwecho. Ngakhale theka."

Nkhalambayo inaseka, mano awiri okha m'kamwa, n'kuyang'ana uku ndi uku mwamanyazi.

"Tweni-sisi... pa iwe?"

Garmai anatembenukira kumapoto kaye, ngati utsi wamulowa m'maso. Kenaka anawerama pansi pa tebulo.

"Mwandigwira, Ma," anatero. "Dikirani nditulutse."